Anamutaya Ine Ndikusoka Fodya

Mwana wanga woyamba anakwiriridwa ine ndili m'chigafa, ndikusoka fodya. Ndinali nditakhala pa chitsa, mulu wa masamba uli kumanzere, ndikuboola mapesi ndi kachitsulo n'kumapisamo luzi, manja atada bii ndi utomoni. Palibe anandimanga miyendo. Ndinakhala ndekha pa chitsa chija mpaka dzuwa linapendeka, ndipo mpaka lero ndikakumbukira zimenezi malovu amandiwawa m'kamwa.

Kwathu ndi ku Simlemba, koma ndinakwatira ku Chulu ndipo ndinakhala komweko pa chikamwini. Munda umene ndinkalima unali wa apongozi anga aakazi, chigafa ndinamanga pa malo awo, ngakhale mtengo wa mango umene ndinkatsamiritsapo njinga unali wawo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala pamudzi paja osayankhulana nawo maso ndi maso, chifukwa mwambo wake ndi wotero. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kuyang'ana kumbali, moni n'kumaponyerana chapatali. Akakhala ndi mawu ankatuma mwana wawo wamkulu, mlamu wanga, ine n'kuyankhira mwa iye yemweyo. Kunena zoona sindinkadandaula nazo. Apongoziwo anali mayi ouma pakamwa, okonda fodya wa m'mphuno, ndipo ankamina n'kupukutira pa chitenje anthu akudya. Kuwatalikira kunkandikomera.

Zaka zonsezo tinalibe mwana. Choncho mkazi wanga ataima, ndinapusa nacho chisangalalo. Ndinagula beseni, zitenje ziwiri, ndi kachipewa ka ulusi kamene ndinkakatulutsa m'sutikesi n'kumakavalika pa chibakera changa. Mimba inakwana nyengo yothyola fodya, mvula ili pakati. Mkazi wanga anapita kukadikira kuchipatala ndi amayi ake. Ine ndinatsala, poti tsamba likapsa m'munda ukachedwa nalo masiku awiri lawonongeka.

M'mawa wa tsiku limenelo mlamu wanga analowa m'chigafa. Mayi ameneyu ndi wanthabwala, sankandidutsa osandinena kuti ndine Mtumbuka wosauka wobwera ndi kachikwama kamodzi. Koma ulendo uno anangoima pa nsanamira, manja kumbuyo.

"Alamu," anatero, "zalephereka."

Ndinafunsa za mkazi wanga.

"Iye ali bwino, watsala kuchipatala. Koma mwana sanalire."

Ndinadzuka kuti ndikatenge njinga, iye n'kundigwira malaya.

"Mukupita kuti? Amayi abwera naye kale, ali kuseri uko ndi azimayi akuluakulu. Ndi mtayo umenewu, alamu, si maliro ayi. Mwamuna sayandikirako, ngakhale ine sindipitako. Ndipo musalire, mungamutseke mng'ono wanga osadzaberekanso. Khalani pansi mupitirize ntchito, fodyayu angawole pa mulu."

Ndinakhala pansi. Mwambowu ndinkaudziwa, kwathu nakonso ulipo. Mwana wobadwa wakufa sawerengedwa munthu. Samuika m'bokosi, samuimbira nyimbo, adzukulu sakumba manda. Azimayi okalamba okha amamutenga masana n'kukamukwirira pa dzenje losaya m'mphepete mwa manda, ndipo amati akamutaya. Ndinamva zimenezi kuyambira ndili mwana, osaona cholakwika, chifukwa zinkachitikira anthu ena.

Dzuwa lili paliwombo ndinawaona kudzera m'mipata ya masamba opachika. Anali anayi, atandondozana m'kanjira kodutsa kuseri kwa chigafa. Kutsogolo kunali apongozi anga, atafungata kamtolo kokulungidwa m'chitenje chimene ndinagula ine. Wa pambuyo ananyamula kakhasu kakutha, kaja timapalira nako ndiwo kudimba. Mmodzi wa iwo ankatafuna chimanga chootcha. Ndikunena zoona, ankatafuna chimanga, ndipo atamaliza anaponya chitsononkho m'munda mwanga. Anadutsa pafupi kwambiri moti ndikanati nditambasule mawu pang'ono akanaima. Ine ndinaweramitsa mutu n'kuboola tsamba lina.

Mkazi wanga anabwera patapita masiku awiri, mabere atamumanga ndi nsalu kuti mkaka uume. Palibe anabwera kudzakhala nafe pa mphasa. Chaka chimene matalala anaboola fodya wanga, mudzi wonse unabwera kudzandipepesa, ena mpaka kupukusa mitu m'munda ngati afedwa. Koma za mwana, amene anatsegula pakamwa anangoti, "Mukadali ana inu, mudzabereka wina." Kutchalitchi tinaimba nyimbo zathu zonse monga mwa masiku onse. Ine ndi mkazi wanga tinkadya m'mbale imodzi n'kumakambirana za mchere, za nkhuku, za denga lodontha. Beseni lija analiika pansi pa bedi. Za kachipewa sindinafunse.

Kenaka thupi linayamba kundikana. Ndikalowa m'chigafa, fungo la fodya wofota, limene poyamba linkandinunkhira ngati ndalama, linkandidula mtima n'kuthamangira kuseri kukasanza. Ndinkasamba m'manja kasanu, kakhumi, kukhula ndi mchenga mpaka khungu kusupuka, komabe ndinkamva utomoni. Nsima inkandikanira pakhosi. Ndinayamba kulusa ngati galu wa ana. Tsiku lina nkhuku inalowa m'chigafa, ndinaiponyera kachitsulo kaja mpaka kuithyola mwendo, ndipo mkazi wanga atandiyang'ana ndinamukalipira kuti akuyang'ana chiyani. Anthu anati fodya wamuwisi wandilowa m'thupi, ndimwe mkaka. Ena anati ndapondetsedwa mankhwala. Mkaka ndinamwa, ndipo ndinausanza.

Ndinapita kuchipatala kukadandaula za m'mimba. Adokotala anandipima, anandisinika pamimba, anatenga magazi, osapeza kanthu. Kenaka anaika cholembera pansi n'kundifunsa ngati kunyumba kwachitika china chake miyezi imeneyi. Ndinati ayi, kungoti mayi kunyumba anali oyembekezera koma zinalephereka. Analemba kapepala n'kundilozera chipinda chomaliza cha kumapeto kwa khonde.

Chipinda chimenecho aliyense amachidziwa. Ndi kumene amapita nawo anthu omangidwa ndi zingwe, ndi anyamata amene chamba chawazunguza mitu. Ndinaima pakhonde ndikutukwana chamumtima. Ine mlimi wa fodya, munthu wolemekezeka pa kalabu ya alimi, wowerenga mawu kutchalitchi, andiyese wamisala chifukwa cha kusanza? Ndinakasuntha njinga yanga kukaiimika kumbali ya odwala malungo kuti wina wa kumudzi akaiona asadziwe kumene ndalowa.

M'katimo munali anesi achitsikana, ocheperapo kwa ine, olankhula Chichewa cha m'tauni, zikhadabo zopaka utoto. Panalibe jekeseni, panalibe botolo la mankhwala. Panali mipando itatu ndi mpukutu wa tishu pa tebulo. Anandiuza kuti ntchito yawo ndi uphungu, kucheza ndi anthu amene mtima wawalemera. Ndinayang'ana zikhadabo zija n'kunena mumtima kuti munthu amene sanagwirepo khasu andiuza chiyani. Anandiphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono, kuugwira, kenaka kuutulutsa.

"Anesi," ndinatero, "ndapalasa njinga mtunda wonsewu kuti mudzandiphunzitse kupuma? Ndakhala ndikupuma chibadwire."

Anaseka, osakwiya. Anandifunsa za fodya, ndinawayankha mwachidule. Anandifunsa za mkazi wanga, ndinati ali bwino. Kenaka anafunsa ngati akufunsa za nyengo:

"Nanga mwana wanuyo, anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Sindinkadziwa. Masabata asanu anali atadutsa, palibe anandiuza, inenso sindinafunse. Ng'ombe ya mnansi ikabereka ndimathamangira kukaona ngati ndi yaikazi kapena yamphongo. Ndinadzinyansa kwambiri moti ndinaimirira n'kutuluka osatsanzika. Koma panjira yonse mawu awiri ankandizungulira m'mutu, akuti mwana wanuyo. Chichitikireni zimenezi, anali munthu woyamba kumutchula kuti mwana, komanso kuti ndi wanga.

Nditafika ndinapeza mkazi wanga akusenda mtedza pakhonde. Ndinakhala pambali pake n'kumasenda nawo. Kenaka ndinafunsa. Anasiya kusenda.

"Lero ndiye mwafunsa?" anatero. "Anali wamkazi. Anandionetsa asanamukulunge. Tsitsi lambiri, lakuda. Makutu anu omwewo, oima."

Anapitiriza maso ali pa lichero.

"Nditabwera ndinamva kuti tsiku limenelo munasoka fodya wambiri kuposa masiku onse. Azimayi ankakuyamikirani kuti mkamwini uyu ndi wolimba mtima. Ndiye ine ndinati basi, bambowa sizinawakhudze, ndisawavutitse."

Ndikanakonda akanandimenya ndi munsi. Ndinamufunsa ngati akudziwa pamene anamugoneka. Anati sadziwa, ndipo atafunsa amayi ake anamukalipira kuti akufuna kuitana tsoka. Anati mvula ikamagwa amangoganiza kuti dzenje lake ndi losaya. Misozi inali ikugwera mu mtedza, koma mawu sanatulutse, poopa kuti kunyumba kwa amayi ake angamve.

"Ine andiletsa," anatero. "Inu ndinu mwamuna. Mukapapeza mudzandiuze."

Lachiwiri lotsatira ndinabwerera kwa anesi aja ndekha, wosatumidwa. Ndinapitako Lachiwiri lililonse kwa miyezi itatu. Sindinama kuti ndinkakukonda. Ankandifunsa mafunso amene ngakhale mbale wanga sangayerekeze, ndipo akafunsa ankangokhala chete n'kumandidikira, mpaka chete uja kundipsetsa mtima. Anandiuza kuti ndilembe kalata kwa mwanayo, ine ndinati wakufa sawerenga, ndipo sindinalembe. Koma tsiku lina ndinawafotokozera za azimayi anayi aja, za kakhasu, za chitsononkho. Nditafika pakuti ndinaweramitsa mutu, mawu anandithera m'Chichewa, ndinangomva ndikuti "mwana wane, mwana wane" m'chiyankhulo cha amayi anga, mamina ali chuchuchu ngati kamwana. Tishu uja ndinamumaliza theka. Anesi sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anati kusanza kuja si fodya, ndi maliro amene ndinawameza, ndipo anandifunsa chimene ndikufuna.

"Ndikufuna ndione pamene ali," ndinatero. "Basi. Ndikaime pomwepo."

"Akudziwa ndani?"

"Apongozi anga."

"Ndiye bwanji osakhala nawo pansi n'kuwafunsa?"

Ndinaseka mpaka kutsokomola, kuseka kwanga koyamba chichitikireni zija. Ndinawauza kuti za m'tauni ndi zokoma, kumene mkamwini amakhala pa sofa imodzi ndi apongozi ake n'kumaonera limodzi kanema. Kwathu kuno zimenezo ndi kuwavula. Ndinati ndichita mwa mwambo wake, ndituma mlamu wanga.

Ndinamutumadi. Uku kunali kulakwitsa kwanga kwakukulu, ndipo ine wobadwira mu fodya ndinayenera kudziwa. Patapita masiku atatu mlamu wanga anabwera, ndili mkati mosankha fodya, n'kukhala patali ndi ine, chinthu chimene sankachita.

"Amayi akuti mukufuna kukatani kumeneko?"

Ndinati ndikufuna kukangoona.

"Kukaona chiyani, dothi? Alamu, ine ndikuuzeni chilungamo. Anthu ayamba kuyankhula. Akuti chaka chino fodya wanu wakula kuposa wa aliyense. Mwana wafa, inu osagwetsa msozi, kusoka fodya tsiku lonse. Mwayamba kuwonda, kumayenda maulendo osadziwika Lachiwiri lililonse. Tsopano mukufunsa dzenje. Mukuti anthu aganize chiyani?"

Kuno mlimi sachita bwino chifukwa cha manyowa kapena kulawirira m'munda. Fodya wako akalemera pa sikelo, ndiye kuti wakhwima, wapereka munthu. Ndipo amati chizimba choopsa kuposa zonse ndi mtayo. Ndiye anthu amene ndinapemphera nawo zaka zisanu ndi chimodzi, amene ankabwereka jeke yanga yodindira mabelo n'kubweza itathyoka, anakhala pansi n'kugwirizana kuti ine ndinapha mwana wanga, ndipo tsopano ndikufuna kukamufukula kuti ndimuike m'belo. Anandiletsa kulira okha, kenaka kusalira kwangako n'kukusandutsa umboni. Ndinatuluka m'chigafa n'kusanza pamaso pa mlamu wanga, ndipo ndikudziwa kuti nazonso zinakafika kumudzi ngati umboni wina.

Masiku otsatirawo azimayi ankakokera ana awo m'nyumba ndikamadutsa. Mmodzi wa okalamba aja, yemwe uja wa chimanga, anayamba kukhala pa mphambano ya kanjira ka kumanda, akuti akuwothera dzuwa. Kutchalitchi benchi imene ndinkakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri.

Ndinafika kwa anesi ndili ndi ukali wosaneneka. Ndinawauza kuti ndikayatsa chigafa chonse ndi fodya yemwe, aone kulemera kwangako kukusanduka phulusa, kenaka ndikwere njinga ndibwerere ku Simlemba. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Kenaka anati:

"Mukapita, akazi anu atsala ndi anthu amene akuti amuna awo ndi mfiti, ndipo pamene pali mwana sadzapadziwa. Inunso simudzapadziwa. Ine za kwanuko sindizidziwa bwino, munandiseka ndipo munalondola. Koma taonani, apongozi anuwo anamva kuti mukufuna dzenje. Sanamve zimene ndinamva ine muno. Angazimve bwanji?"

Ndinati palibe njira. Iwo anakoka mpando wachitatu uja, wopanda munthu, n'kuuika patsogolo panga.

"Awa ndi apongozi anu. Auzeni."

Zimene ndinachita ndimachita nazo manyazi. Ndinatembenuza mpando wanga n'kuyang'ana kukhoma. Mpando wa pulasitiki, wothyoka mkono umodzi, ine bambo wandevu kuupatsa ulemu! Anesi anadziletsa kuseka koma mapewa ankagwedezeka. Tinayeserera tsiku limenelo, tinayesereranso sabata yotsatira, mpaka ndinatha kuuyang'ana mpandowo n'kunena mawu anga osachita chibwibwi.

Nthawi inali ikundithera. Mvula inali itasiya, udzu utauma, ndipo anthu osaka mbewa anali atayamba kutentha tchire. Ndinkadziwa kuti moto ukadutsa m'mphepete mwa manda, ngakhale kachizindikiro kamene kangakhale katatsala kadzapita.

Ndinakumana nawo chakumasana, akuchokera kudimba atasenza mtolo wa mpiru. Kanjira kake ndi kopapatiza, ka munthu mmodzi. Miyendo yanga inayamba yokha kupatukira kutchire monga inazolowera. Ndinaibweza. Ndinagwada pakati pa njira, chipewa m'manja. Iwo anaima, n'kutembenuka msanga kundipatsa msana.

"Amayi," ndinatero, "ndikudziwa kuti ndikulakwa."

"Mwapenga kodi, bambo? Tamva kuti mumapita kwa amisala. Chokani panjira, anthu angaone."

"Ndimapitakodi, ndipo Lachiwiri likubwerali ndipitanso. Kumeneko ndi kumene ndimakalirira, poti kuno munandiletsa. Amayi, sindikufuna fupa, sindikufuna dothi. Itanani aliyense adzandilondere, mundimange manja kumbuyo ngati mukufuna. Fodya yenseyo mutenge, ndikuuzani pamaso pa Mulungu, akundinunkha. Ndikungofuna ndione pamene munagoneka mwana wanga. Anali wamkazi. Anali ndi tsitsi lambiri. Inu munamunyamula m'manja, mukudziwa kulemera kwake. Ine bambo wake sindinamuone."

Ndinkangoona msana wawo ndi mpiru ukunjenjemera pamutu. Anamasula kansupa ka fodya pa mfundo ya chitenje, anafwenkha, anayetsemula. Kenaka analowa m'udzu n'kundizungulira, ulendo wa kunyumba. Ndinatsala chogwada, ndikudziona chitsiru. Ndinati basi, mawa akandisonkhanitsira anthu andipirikitse pamudzi.

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, ndinamva munthu akutsokomola kuseri kwa chigafa. Nditasuzumira ndinaona apongozi anga ataima m'kanjira, okha, atayang'ana kutsogolo. Atadziwa kuti ndawaona anayamba kuyenda. Ndinawatsatira patali. Pa mphambano paja mayi wa chimanga anadzuka n'kutsegula pakamwa, koma apongozi anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kukhalanso pansi.

Sitinalowe mu msitu wa manda. Tinatsata m'mphepete mwake, kumene udzu unali wofika m'chiuno, mpaka pa mtengo wa msuku. Pamenepo anaima. Anayamba kupatula udzu ndi phazi, kuyenda pang'ono, kubwerera, kuweramira pansi, kupitanso kutsogolo mpaka pa chitsamba cha mpoza, mtunda wa mapazi ngati makumi awiri. Ndinkayembekeza kamulu ka dothi, kamwala, kaphale, chilichonse. Panalibe kanthu, udzu wokhawokha ndi masamba ouma. Anabwerera pakati n'kutambasula dzanja kuchokera ku msuku mpaka ku mpoza.

"Penapake apa," anatero.

Ulemu wonse unandithawa.

"Penapake? Miyezi inayi yokha mwaiwala? Munthu akakwirira mbatata pa nkhuti amadziwa pamene wakwirira! Mdzukulu wanu weniweni, mukuti penapake?"

Ndinkayembekeza kuti andilalatira. Koma anayankha motsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo anandiyang'ana kumaso. Maso awo anali ofiira ndi fodya, kapena ndi china, sindikudziwa.

"Sindinaiwale, bambo. Timachita dala. Tikakwirira timasalaza, timawazapo masamba, ndipo pochoka sititembenuka, kuti ngakhale ife tisadzapadziwe. Ndi mmene anandiphunzitsira akuluakulu. Amati ukapadziwa uzingobwerapo."

Anapukuta mphuno ndi chitenje.

"Anga awiri ali pompano. Aamuna onse. Wina ndinayamba naye asanabadwe mlamu wanuyo, wina anapondana ndi mkazi wanu. Ine sanandionetse n'komwe nkhope zawo. Anangondiuza kuti ndi cha ku msuku. Ndikamapita kotola nkhuni ndimadzera pano, anthu amati nkhuni za kuno n'zouma bwino. Ndayang'ana zaka zonsezi. Wanuyu ndinamuika kuno dala, kuti akhale pafupi ndi atsibweni ake. Tsiku limenelo ndinati ndiloweze malo ake, ndiwerenge mapazi kuchokera pa mtengo. Koma anzanga aja anali akundiyang'ana, ndinachita mantha."

Ndinafuna kuwada monga ndinkawadera kale, koma zinakanika. Nseru ija inabwera, osati chifukwa cha iwo. Inali ya tonsefe, mudzi wathunthu wa anthu opemphera, amene timadziwa malire a munda mpaka pa phesi limodzi, koma ana athu tawamwaza m'tchire n'kumaopsezana kuti wolira ndi mfiti. Ndinayang'ana kadera kaja, kuyambira ku msuku mpaka ku mpoza, n'kudzifunsa kuti pansi pamenepa pali angati, ndipo azimayi angati amadzatola nkhuni kuno.

Ndinagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, poti khasu sindinatenge. Ndinati moto ukabwera usadutse pamenepa. Sindinkadziwa poyambira, choncho ndinayambira pa msuku. Udzu wouma unandicheka zala. Ndinalira mokweza, osabisa, ndipo palibe anandiletsa. Patapita kanthawi ndinamva phokoso kumbali inayo. Apongozi anali atawerama ku mpoza, atandipatsa msana, akuzula nawonso. Tinakumana pakati dzuwa litapendeka, dothi lonse lili poyera, losalala, losasiyana pena paliponse. Iwo anasonkhanitsa udzu uja n'kukautaya kutali, kenaka anabwerera kumudzi podzera njira ina.

Mkazi wanga anali atakhala pakhomo, ndipo anali atamva kale kuti anandiona ndikutsatira amayi ake. Anayang'ana mawondo anga, anayang'ana zala zanga zamagazi. Anaimirira n'kugwira chitseko.

"Mwapapeza?"

Njira yonse ndinkaganiza zomunamiza, kuti ndapaona, pali kamwala, ndi pamthunzi. Koma mabodza a nkhani imeneyi anali atandikwana.

"Malo enieniwo ayi," ndinatero. "Palibe akuwadziwa, ngakhale amayi. Koma ndaona dera lake, ndalambulapo, ndipo mawa ndikutengani mukaone, anene zimene anganene. Sali yekha. Ali ndi alongo anu awiri."

Anatembenukira ku nyumba ya amayi ake, kumene utsi unali utayamba kutuluka.

"Alongo anga ati?"